Zipolopolo Zitatu, Kulira Kumodzi

Ine ndine Lyford Namakhwa, mwini wa zigayo zinayi, malole atatu ndi resitihausi ija ya denga lobiriwira pa Phalula. Ndinachoka kwathu ndi kabudula mmodzi, ndinabwerako ndi masuti. Ndaponda Beira, Harare, Joni, ngakhale ku Dubai ndinakadyako mpunga. Koma chimene ndimanyadira kwambiri n'chakuti kuyambira ku Balaka mpaka kunyanja ya Chiuta palibe munthu amene chitsulo chimamuuza zoona ngati ine. Munthu akhoza kundinamiza, mfuti iyayi. Ndipatseni mfuti, ndikuuzani dzanja limene linaigwira. Mukuseka? Apolisinso anaseka.

Linali Lachitatu m'mawa pamene mkazi wa a Sufiyani Mbwana anandiimbira foni akulira. Amuna ake anali m'chitolokosi m'tauni. Mlandu wake, kupha bwana wawo, a Hilary Chikaonda, wogula nandolo pa Nsanama.

Muyenera kudziwa kuti a Sufiyani ndi ndani kwa ine. Chaka cha njala ija ya 2002, ndisanakhale munthu, ndinkagulitsa matemba m'midzi ya kuseri kwa Nsanama. Kolera inandigwetsa panjira. Anthu ankandilambalala atatseka mphuno. Bambo uyu, amene dzanja lake lamanzere linadyedwa ndi lamba wa chigayo ali mnyamata, anandimangirira ndi linya pa kaliyala ya njinga yake n'kupalasa ndi dzanja limodzi mpaka kuchipatala cha m'tauni, makilomita 34. Nditalemera ndinawapititsira malata, anawabweza. Ndinawapititsira ng'ombe, inabwerera ndi chingwe chake. Ankangoti, "Achimwene, mudzabweza mmene munatengera."

Ndinawapeza atakhala pasimenti, kofia ili pabondo.

"Ndiuzeni zonse," ndinatero.

"Zonse n'zochepa, achimwene. Dzulo masana ndinali kuseri kwa nyumba yosungira nandolo, ndikuswali. Ndinamva phokoso. Ndinamaliza kaye swala yanga, chifukwa munthu sudula mawu ukuyankhula ndi Mulungu. Nditalowa muofesi, bwana ali chagada, chakudya chili patebulo sanachigwire, mfuti ili pansi. Ndinaitola. Anthu anandipeza nayo."

"Munaitoleranji?"

"Inali m'magazi. Ine ndi mlonda, katundu wa bwana sindimusiya m'dothi."

"Akuti munakangana nawo."

"Lolemba anandimenya mbama pamsika, pamaso pa adzukulu anga. Ndinawauza kuti Mulungu amaona. Wallahi, mawu anga anali omwewo."

Wapolisi anagogoda chitseko. Lachisanu, anatero, mkuluyu akupita kukhoti.

*

Wofufuza mlanduwo anali Sajeni Lilian Kachale, mayi wamfupi, wosaseka chisawawa. Ndinamuuza kuti ndine ndani. Anandilola kulankhula mpaka ku Dubai, kenako anayang'ana wotchi.

"A Namakhwa, dokotala wachotsa zipolopolo zitatu pachifuwa. Mabala ake akhoza kuphimbidwa ndi sosala imodzi. Mfuti inali m'manja mwa mnzanuyo."

"M'dzanja, mayi. Limodzi."

"Limodzi limakwana kupha."

"Ndioneni mfutiyo."

Anazengereza, koma chinalipo chimene chinkamudya. Anatsegula kabati n'kuika patebulo pisitolo ya gudumu, ija akuluakulu ankaitcha volovolo. Zipolopolo anali atachotsamo kale.

"Anyamata anga onse aiyesa," anatero. "Thiriga yake, kachitsulo kokoka ndi chala kaja, ndi yakufa. Sikhethemuka. Ndiye ndiuzeni, mfuti yakufa imapha bwanji munthu?"

Tsitsi linandiima. Ndinaitenga ndi manja awiri monga wansembe amatengera chikho.

Zaka zisanu ndi zitatu ndinagwira ntchito kunja kwa mzinda wa Joni, pamalo ena pamene azungu amavala zipewa zazikulu n'kumasewera za ukauboyi. Ndinalowa ngati wosesa. Kumeneko kunali nkhalamba ina, Oom Danie, mmisiri wa mfuti, yemwe ankanunkha mafuta ndi fodya. Iye ndiye anandiphunzitsa. Mfuti yotere ikachoka kufakitale imafuna ntchito ziwiri: chala chachikulu chikokere kumbuyo kanyundo kake, kenako chala cholozera chikhethemule. Kamodzikamodzi, ngati gogo akukwera masitepe. Koma pa mpikisano wa liwiro, Oom Danie ankazisintha. Kanyundo ankakakweza n'kukatambasula ngati supuni. Kachitsulo koonera kutsogolo ankakachotsa kuti kasakodwe posolola m'chikopa. Thiriga ankaipha dala. Za mkati mwake sindinena, ndinalumbira pamaso pa nkhalambayo ndipo yapita nazo kumanda. Mfuti ikatero, dzanja lamanja limangogwira. Lowombera ndi lamanzere, limene limasesa kanyundo kaja ndi m'mphepete mwa chikhatho, monga mayi akukupiza moto ndi chivundikiro. Ife tinkati kukupiza. Tinkaphulitsa mabaluni ndi zipolopolo za utsi wokhawokha, alendo n'kumawomba m'manja.

Ndipo mfuti imene inali patebulopo inali ntchito ya Oom Danie. Ndinaidziwa ngati mmene mumadziwira kalembedwe ka mayi anu.

"Imani uko, Sajeni."

Ndinavula jekete. Ndinailowetsa palamba. Ndinapuma. Kenako, khe-khe-khe! Kanyundo kanagunda katatu pa mfuti yopanda kanthu. Wapolisi wina amene ankamwa tiyi pakhomo anadzithira pamalaya.

"Mwaona? Siyakufa. Ikungofuna manja awiri. A Sufiyani lachiwirilo alitenga kuti?"

Sajeni anatenga mfutiyo. Anakokera kanyundo ndi chala chachikulu n'kukasiya. Khe. Anachitanso, khe. Anandiyang'ana.

"Ndi dzanja limodzi ikulira, bambo. Pang'onopang'ono, koma ikulira."

Mayi ameneyu anali ndi mutu. Ndinavomereza.

"Ndiye zitengera mmene inalirira," ndinatero. "Ngati anthu anamva katatu motalikirana, ndagonja. Ngati anamva kamodzi, wakupha ndi wokupiza."

"Chabwino. Nanga kuno ku Machinga ndi ku Balaka, wodziwa kukupiza ndi ndani?"

Ndinadziguguda pachifuwa. "Ine ndekha!"

Anatsegula kope lake. "Ndiye dzulo masana munali kuti, a Namakhwa?"

*

Mwamwayi dzulo lakelo ndinali ndikulankhula pa msonkhano wa eni zigayo ku Balaka, maola awiri osapumira. Mboni zinali makumi asanu ndi limodzi, ngakhale ena anali atagona. Sajeni anaimba mafoni atatu n'kundimasula ndi chenjezo: pakamwa panga padzandimangitsa tsiku lina.

Ndinathamangira ku Nsanama. Woyamba kumufunsa anali mayi Maness, amene amakazinga zitumbuwa moyang'anizana ndi nyumba ya nandolo ija.

"Ine ndinawauza apolisi, sakumva," anatero akutembenuza zitumbuwa. "Akuti katatu. Katatu kuti? Makutu awa anabereka ana seveni, amadziwa kuwerenga kulira. Kamodzi! Koma kotalika, ngati nsungwi ikung'aluka. Phrrraa! Mafuta anga anachita kugwedezeka. Mugula zingati, bwana? Mafunso ndi aulere koma utsi ukukulowani m'suti."

Ndinagula khumi.

Wachiwiri anali Ahmed, telala wa pakhonde, amene makina ake amayang'ana khomo la ofesi ya malemuyo. Iyeyu amalankhula ali ndi mapini pakamwa.

"Ambuje, ine ndinaganiza kuti tayala la lole laphulika. Kamodzi basi. Kapena tinene ngati makina anga ndikawaponda mwamphamvu, sungawerenge kuti singano yalowa kangati."

"Analowa ndani muofesimo isanalire?"

"Munthu sanalowe."

"Nanga anatuluka ndani?"

"Palibe, ambuje. Amayi okhaokha ndi amene amadutsa apa masana, madengu, makontena a chakudya, mukudziwa inu. Koma munthu woti n'kupha, iyayi. Ndikanamuona."

Ndinamufunsa za malemuyo. Anachotsa mapini.

"A Hilary? Anabwera kuchokera ku Joni zaka sikisi zapitazo, iwo ndi akazi awo. Munthu wa ukali. Anzawo a ku Joni amabwerabwera kuno, a majekete achikopa. Mawa pamaliro mudzawaona."

Anzawo a ku Joni! Ndinayang'ana chikhatho changa chamanzere. M'mphepete mwake, pansi pa kachala kakang'ono, muli kamzere ka zipsera zoyera. Kanyundo kaja kamadya mnofu, ndipo aliyense amene anaphunzira kukupiza amakhala nazo mpaka kufa. Komanso munthu amene wakhala zaka osakupiza khungu limafewa. Amene anawombera a Hilary anayenera kukhala ndi bala latsopano pa zipsera zakale.

Koma ungapenye bwanji zikhatho za amuna mazana awiri popanda kuwapempha?

*

Lachinayi pamaliro ndinachita chinthu chimene anthu a pa Nsanama akuchikambabe. Itakwana nthawi ya chakudya, ndinavula jekete la ku Dubai, ndinapinda malaya, n'kutenga beseni ndi jagi. Ine, Namakhwa, wa malole atatu, ndinagwada pamaso pa mwamuna aliyense n'kumuthirira madzi osamba m'manja.

"Aa, bwana, zimenezi si zanu!"

"Pamaliro palibe bwana. Tambasulani onse awiri, achimwene, sopo ndi wanga."

Katekisiti anagwetsa msozi. Anati pa ulaliki wa Lamlungu adzanditchula ngati chitsanzo cha kudzichepetsa. Ine maso anga anali pa zikhatho basi. Ndinaona manja a alimi a thonje, ong'aluka ngati dothi la mu Okutobala. Ndinaona manja a mavenda, a aphunzitsi, a makaniko. Nditafika pa amajekete achikopa aja ndinathira madzi pang'onopang'ono. Anali anayi. Zikhatho zawo zinali zosalala ngati za ana a sukulu ya mkaka. Amenewo chitsulo cholemera chimene anagwirapo ndi foni.

Ndinasambitsa mwamuna womaliza. Palibe. Kunali kutatsala usiku umodzi kuti a Sufiyani aimirire pamaso pa woweruza, ndipo ine ndinali nditangonyowetsa thalauzi pachabe.

Ndinavala jekete, ndinaganiza zopepesa namfedwa n'kumapita. M'nyumba munali amayi a mpingo, akuimba motsitsa. Mkazi wa malemu, mayi Joanna, anakhala pamphasa pakona, atafunda chitenje chakuda mpaka kumutu. Anali mayi woonda, wa maso akuluakulu, amene anthu ankati ku Joni ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu. Pafupi naye panatsamira mwana wake wamkazi wa zaka ngati khumi ndi zitatu, khutu lake lili ndi thonje.

Ndinagwada. "Pepani, mayi. Pepani ndithu."

Ndinatulutsa envulopu ya chipepeso. Mayi woleredwa bwino salandira chinthu kwa mkulu ndi dzanja limodzi, ngakhale atafuna. Manja onse awiri anatuluka m'chitenje, otambasula.

M'mphepete mwa chikhatho chamanzere munali kamzere ka zipsera zoyera, kolunjika bwino kuposa kanga. Pakati pake panali bala lofiira, la masiku awiri.

Mawu a telala anandibwerera. Munthu sanalowe. Amayi okhaokha, ndi makontena a chakudya. Ndipo patebulo la malemu panali chakudya chimene sanachigwire. Ine, ndi nzeru zanga zonse za ku Dubai, ndinali nditaganiza ngati telala.

Sindinachotse dzanja langa. Ndinalitembenuza pang'ono kuti aone zipsera zanga. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Amayi anapitiriza nyimbo.

"Kwa Oom Danie?" ananong'ona.

"Zaka eyiti."

"Ndiye inu ndinu Lyford. Ankakutchulani. Ankati liwiro munali nalo, koma munkalankhula kwambiri musanasolole."

"Mayi, a Sufiyani akupita kukhoti mawa."

Anatseka maso. "Sindinadziwe kuti aitola. Ndakhala ndikupempha Mulungu andipatse mphamvu. Ndiloleni ndimuike m'manda kaye. Akatsitsa bokosi, mundidikire pagalimoto yanu."

Kodi mukanakhala inu mukanamukhulupirira? Ine ndinadikira. Nkhata zitaikidwa, anapereka mwana uja m'manja mwa mchemwali wake, n'kubwera yekha, nsapato zili m'manja.

*

Sajeni Kachale anamvetsera osadula mawu.

"Ndinalowa kumeneko ngati wochapa zovala za masewero," anatero mayi Joanna. "Tsiku lina nkhalamba ija inandipeza ndikuyesa mfuti yopanda kanthu. Sinandikalipire. Zaka zisanu ndinkavala chipewa ndi nsalu kumaso, alendo osadziwa kuti amene akuphulitsa mabaluni ndi mkazi wa ku Ngokwe. Amuna anga ankagwira ntchito kwina, ankangodziwa kuti ndimachapa. Nkhalambayo itamwalira, mfuti iyi inasiyira ine. Ndinabwera nayo m'thumba la zovala. Iwo ataipeza anailanda. Anaiyesa, thiriga osakhethemuka, ndiye anati ndi yakufa, yabwino kuopsezera. Anagula zipolopolo n'kuikamo kuti izioneka yamoyo. Akafuna kundimenya ankayamba aiika patebulo."

"Zaka zingati?" anafunsa Sajeni.

"Sikisi. Za ine ndinapirira. Koma Lolemba, atachoka kumenya mlonda uja, anafika kunyumba n'kumenya mwana. Khutu lija silidzamvanso. Lachiwiri nditawapititsira chakudya ndinawauza kuti ndikuchoka ndi mwana wanga. Anatsegula dilowa, anaiika patebulo, anavula lamba. Anati lero utuluka muno uli mtembo. Anasiya mfuti n'kutenga lamba, chifukwa ankakhulupirira lambayo."

Sajeni anaika cholembera pansi.

"Mayi," anatero Sajeni, "anthu amavomera milandu pofuna kupulumutsa ena. Woweruza adzafuna kudziwa ngati mungathedi." Anatsegula kabati, anayang'ana kawiri kuti gudumu lilibe kanthu, n'kuika mfuti patebulo. "Ndionetseni."

Mayi Joanna anaimirira. Anamanga chitenje m'chiuno. Manja ake anali lende m'mbali, ngati munthu woyembekezera basi.

Abale anga, ine ndaona zinthu. Ndaona nyumba zoboola mitambo, ndaona sitima zazikulu ngati mudzi. Ndinaona akatswiri a ku Amereka atabwera ku Joni ndi malamba asiliva. Koma chimene ndinaona tsiku limenelo sindinachione, ndinangochipeza chitachitika. Mfuti inali patebulo, kenako inali m'manja mwake, ndipo pakati pa ziwirizi panalibe nthawi yoti diso liphethire. Dzanja lamanzere linangodutsa ngati mthunzi wa mbalame. Khrrr! Kulira kumodzi. Nsungwi ya mayi Maness.

"Kamodzi," anatero wapolisi wa tiyi uja, pakamwa pali yasa.

Sajeni anali ataika chizindikiro cha choko pa gudumu. Anayang'ana. Linali litayenda malo atatu.

Ine ndinapezeka nditaimirira, chipewa chili m'manja. Sindinaganize zovula, chinangochoka chokha. Bala lija linali litatsegukanso, magazi akudontha pasimenti. Ndinatulutsa mpango wanga wa siliki n'kumumanga.

"Ndikupezerani loya wabwino kuposa onse ku Blantyre," ndinatero. "Ndipo ndidzaima m'khoti kunena za khutu la mwana uja."

"Mukatero mudzafupikitse, a Lyford," anatero. Kanali koyamba kumuona akumwetulira.

Sajeni Kachale anatseka kope. Anandiyang'ana kuchokera kunsapato mpaka kumutu. "Munati mfuti siikunamizani."

"Sinandinamize, mayi. Inandiuza kuti manja awiri, inandiuza za bala. Zoti ndi mwamuna ndinawonjezera ndekha."

*

A Sufiyani anatuluka Lachisanu m'mawa, dzuwa litangoyamba kuluma. Ndinawadikira panja ndi galimoto yanga yatsopano, chitseko chotsegula, mphepo yozizira ikutuluka. Anaiyang'ana, anakonza kofia, osasuntha.

"Lowani, achimwene. Mipando ndi yachikopa."

"Ine sindinakutengeni pa chikopa."

Ndinawayang'ana. Sanali kuseka. Kenako analoza ndi chitsa cha mkono wawo kutsidya kwa msewu, kumene anyamata a kabaza anaimika njinga zawo pansi pa mtengo wa mango, moyang'anizana ndi mpanda wa chipatala chija.

"Achimwene," ndinadandaula, "ndili ndi zaka fifite-foro. Ndili ndi shuga."

"Ine ndinali ndi njala. Komanso inu manja muli nawo awiri."

Ndinabwereka njinga. Ndinapinda thalauzi la suti n'kulilowetsa m'masokosi. A Sufiyani anakhala pa kaliyala mwaulemu, ngati mkwatibwi. Dalaivala wanga ankatitsatira pambuyo pang'onopang'ono, ndipo m'galimotomo munakwera jekete langa lokha.

Pachitunda choyamba ndinaona nyenyezi masana. Pachiwiri ndinapempha kuti titsike tikankhe.

"Ine sindinatsike," anatero.

Anthu anaima m'mbali mwa msewu. Pa Nsanama mayi Maness anasiya chiwaya n'kululutira. Ahmed anameza pini, akutero iye mwini. Tinasiya tara n'kulowa m'kanjira ka mchenga, ndipo pamenepo ndinasiya kulankhula, chinthu chimene mkazi wanga mpaka lero sakhulupirira. Ndinkangoganiza za munthu wa dzanja limodzi, wa m'mimba mopanda kanthu, akupalasa mchenga womwewu ndi mlendo wonunkha kumsana kwake.

Tinafika pakhomo pawo dzuwa litapendeka. Ndinagwa pansi pa mtengo ngati thumba la nandolo. Akazi awo anabwera ndi madzi. A Sufiyani anatsika, anapita pagalimoto n'kufunsa dalaivala kuti mita ikuti bwanji.

"Sate-foro ndendende, bambo."

Anabwerera, anandiimirira pamutu, n'kunditambasulira dzanja lawo limodzi lija. Ndinaligwira ndi anga onse awiri.

"Makilomita 34," anatero. "Achimwene, yatha."